Amene Amamvetsera Akatopa

Liwu la Chingerezi lakuti burnout lilibe mnzake weniweni m'Chichewa, ndipo aliyense amene anayesapo kulimasulira amadziwa kuti limaterera ngati mlamba. Ukati "kutopa" wachepetsa, pakuti kutopa kumatha munthu akagona tulo tabwino. "Kulema" ndi chimodzimodzi. "Kugwa mphwayi" kumayandikirako, koma kumamveka ngati mwiniwakeyo ndiye wolakwa, ngati mlesi amene waponya khasu pansi dzuwa lisanafike paliwombo. Chithunzi chimene chili m'liwulo ndi cha moto: chikuni chimene chanyeka chonse, maonekedwe a chikuni akadalipo, koma ukachikhudza chimangoyoyoka phulusa. Amene analitchukitsa ndi Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, m'nkhani imene analemba mu 1974. Iye ankathandiza mongodzipereka pa kachipatala kaulere komwe kunkabwera anthu ambiri ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Anaona kuti anzake amene anayamba ntchitoyo ndi mtima wonse, pakutha chaka ankakhala okwiyakwiya, osagona, onyoza odwala omwe aja anabwera kudzawathandiza. Ndipo oyamba kuzilala sanali aulesi. Anali odzipereka kwambiri aja.

Mu 1981 Christina Maslach ndi Susan Jackson anakonza mafunso 22 oyezera vutoli, ndipo mpaka lero ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito omwewo. Iwo anati vutoli lili ndi nkhope zitatu. Ina ndi kutheratu mphamvu za mumtima, kudzuka m'mawa ulibe kale choti upatse munthu. Ina ndi kuyamba kuona ngati zonse zimene ukuchita siziphula kanthu. Yotsalayo ndi imene inandiimitsa pamene ofufuza ena a ku Malawi ananditumizira mafunso a mtundu umenewu kuti ndiwamasulire. Chingerezi chimaitchula ndi liwu lalitali lolemera pakamwa, depersonalization. Chichewa sichifuna liwu lalitali. Tili ndi munthu, tili ndi chinthu. Tsinde lake ndi limodzi, kasiyana ndi kamutu kokha. Wogwira ntchito amene wafika pamenepa amachotsa mu- n'kuikapo chi-. Amene wakhala patsogolo pake salinso mwana wa auje a ku Pumula. Ndi bedi nambala 14, kapena "wachamba uja", kapena fayilo imene iyenera kutsekedwa nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Ndakhala ndikulingalira nkhope imeneyi pokhudza kagulu kochepa kwambiri ka anthu a mumzinda uno wa Bulawayo, madokotala a matenda a maganizo. Ine ndine womasulira mawu chabe, choncho funso langa ndi la chilungamo, osati la mankhwala. Dokotala wotere akatheratu koma n'kumanenabe kuti ntchito yake amaikonda, kodi ife, boma pamodzi ndi abale a odwala, tili ndi ufulu wowerengera chikondi chimenecho ngati gawo la malipiro ake? Nanga akatopa n'kunyamula chikwama, ulendo wa ku Manchester kapena ku Perth, watilakwira?

Aliyense wokulira mu Bulawayo amadziwa dzina la Ingutsheni asanadziwe kumene chipatalacho chili. Ana amanyozana nalo, monga ana a ku Malawi amauzirana kuti akakutsekere ku Zomba, ku mentolo. Dzinali ndi la Chindebele, lochokera ku liwu lakuti ingubo, bulangete: malo a mabulangete. Atsamunda anatsegula malowa mu 1908, patangopita zaka 15 chigwereni ufumu wa Lobengula, ndipo poyamba sanawatche chipatala. Anali malo osungirako amisala, ofanana kwambiri ndi ndende. Ku Zomba nako kunayamba chimodzimodzi mu 1910, ngati mbali ya ndende yaikulu. Dzina lakuti chipatala linafika ku Ingutsheni mu 1933. Lynette Jackson, m'buku lake la mu 2005 lotchedwa Surfacing Up, anafukula mafayilo akale a malowa, ndipo zimene anapezamo zimatikhudza ife oyankhula Chichewa. Mwa amuna akuda amene ankatsekeredwa mmenemo munali ambiri obwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni, ena ochokera kutali kumpoto. Akazi ena ankatengedwa chifukwa apezeka akuyenda okha pamalo pomwe atsamunda sankafuna kuonapo mkazi wakuda. Azungu ndi anthu akuda ankagona kosiyana, kudya zosiyana, ndipo wakuda ankagwira ntchito za manja zoyendetsera malowo. Agogo anga aamuna anali a m'badwo wa oyenda aja. Iwo sanatsekeredweko, koma anachoka ku Dedza wapansi ulendo wa ku Halale, nakathera ku kampani ya njanji, m'nyumba za ku Sizinda. Ndikawerenga za munthu amene anafika pageti la Ingutsheni akuyankhula chinenero chimene kalaliki sankachimva, nalembedwa kuti akubwebweta, ndimamva mawu a kwathu.

Lero Ingutsheni ndi chipatala chachikulu kuposa zonse za matenda a maganizo m'Zimbabwe, cha mabedi pafupifupi 700. Zaka zaposachedwapa chadzaza ndi anyamata amene mitu yawo yasokonezeka ndi mutoriro, mankhwala aja azungu amati crystal meth, pamwamba pa chamba ndi mowa zimene zinalipo kale. Nanga owaona ndi angati? Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harare, ananena pagulu mu 2017 kuti iye anali mmodzi mwa madokotala otere 12 okha m'dziko la anthu pafupifupi 14 miliyoni. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2020 linawerenga 18, pafupifupi onse ali ku Harare. Ndiye kuti ndikamati madokotala a maganizo a ku Bulawayo, ndikunena anthu oti akhoza kukwana m'galimoto imodzi yaing'ono, mpando wina n'kutsala. Katundu wambiri amausenza ndi anamwino ophunzira za matendawa, ndipo zambiri zimene ndikunena pano ndi zawonso.

Munthu angaganize kuti nkhani yonse ndi umphawi, kuti ukawonjezera madokotala ndi malipiro kutopa kutha. Koma mu 2007 Shailesh Kumar ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa madokotala a maganizo a ku New Zealand, dziko lolemera, la anthu ochepa, lokhala ndi madokotala otere mazanamazana. Anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali otheratu mumtima, ena pang'ono ena kwambiri. Anapezanso kuti ambiri mwa anthu omwewo ankakhutira ndi ntchito yawo. Zinthu ziwirizi zinali kukhala m'munthu mmodzi popanda kuthamangitsana.

Kwa woyankhula Chichewa izi siziyenera kudabwitsa kwenikweni. Kukhutira ndi mwana wa kukhuta, ndipo tonse tinaonapo munthu wochokera kokolola, msana ukuwawa, manja atang'ambika, atakhala pakhonde wokhuta ndi wokondwa. Kutopa ndi kukhuta zimachokera m'munda umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kukolola kumatha, nkhokwe imadzaza, ndipo ukhoza kuiloza ndi chala. Dokotala wa maganizo alibe nkhokwe yoti aloze. Mnzake wa mafupa ali ndi chithunzi cha X-ray choonetsa kuti fupa lalumikizana. Wa malungo amayeza magazi n'kuona kuti tizilombo tatha. Iyeyu ali ndi khutu ndi nthawi. Odwala ake ambiri sachira kotheratu. Amapeza bwino, amapita kwawo, mankhwala akatha kapena akawasiya amabweranso atamangidwa ndi chingwe kumbuyo kwa lole. Ena amabwera asakufuna, ndipo amamuona dokotalayo ngati mdani. Ena amadzipha, ndipo dokotala amatsala ndi fayilo m'manja, akuwerenga mawu ake omwe kufunafuna pamene sanamvetse.

Chida chake chachikulu ndi iye mwini, ndipo apa ndi pamene nkhope ija ya munthu ndi chinthu imaopsa. Dokotala wa opaleshoni amene watopa mpaka kuona wodwala ngati mimba yoti itsegulidwe ndi kutsekedwa akhoza kusokabe bwino. Sindikuti n'zabwino, koma ulusi ugwira. Wa maganizo akafika pamenepo ntchito yeniyeniyo yaima, ngakhale akubwerabe m'mawa uliwonse ndi kusaina mapepala.

Chaka china anandipempha kuti ndikamasulire pa chipatala china cha mumzinda muno. Wodwala anali agogo ena a ku Sizinda amene anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri, ndipo ukalamba unali utayamba kuwafufuta zinthu m'mutu. Matenda oiwala amenewa nthawi zina amayamba kufufuta zimene munthu anaphunzira ali wamkulu n'kusiya za paubwana. Chindebele chimene agogowa anayankhula zaka 60 chinali chitawathawa. Anatsala ndi Chichewa cha kumudzi, chimene adzukulu awo sankachimva bwino. Usiku ankadzuka, kumanga zovala m'kansalu, n'kumalimbana ndi chitseko. Kunyumba anali atatopa nawo, ndipo chimene anabwerera ndi mankhwala ogonetsa, basi.

Dokotala anali mayi wa zaka mwina 45, maso ali psuu ndi tulo. Panja pabenchi panali anthu oposa 30. Ndinamasulira zimene agogo ankabwerezabwereza, zakuti sitima iwasiya. Mayiyo akanatha kulemba mankhwala pomwepo, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma anandiuza kuti ndiwafunse kuti ndi sitima iti.

"Agogo, adokotala akufunsa kuti sitima yakeyo ndi yopita kuti?"

"Ya ku Limbe, mwanawe. Amayi akudwala. Kalata inabwera."

"Inabwera liti kalatayo, agogo?"

"Dzana. Koma akapitawo andikaniza tchuthi."

Mwana wawo wamkazi, naye mayi wa imvi, anagwira pakamwa. Anati nkhaniyo anaimvapo ali mtsikana: bambo akewo sanapite kumaliro a mayi awo, ndipo ku Malawi sanapondekonso. Dokotala anakhala nawo mphindi 40. Mankhwala analemba ochepa. Zambiri zinali zouza banja: asamakangane nawo usiku, apeze munthu wa mumpingo woti azicheza nawo m'Chichewa, ndipo akayamba za sitima aziwafunsa za mayi awo m'malo mowakumbutsa kuti anamwalira kalekale. Pamene tinkatuluka, nkhope ya dokotalayo inali itawalako. Ngati mukufuna kudziwa chimene ofufuza amachitcha kukhutira ndi ntchito, ndi chimenecho, ndipo sichinali chonamizira.

Kenaka ndinaona benchi. Masamu ake ndi osavuta. Maola 8 ogawira anthu 30 ndi mphindi 16 aliyense, dokotalayo osadya, osapita kuwodi, osayankha foni. Mphindi 40 za agogo zinachotsedwa kwa ena. Wina wa kumapeto kwa mzere analandira mphindi 4, kapena anauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa, pomwe ndalama yokwerera basi kuchokera ku Nkayi anachita kukongola. Kuti agogo aja akhale munthu m'chipindamo, wina panja anayenera kukhala chinthu. Dokotalayo ankadziwa zimenezi kuposa ine. Amasankha chotero tsiku lililonse, kangapo patsiku, ndipo mbali iliyonse imene wasankha pali amene wamulakwira. Ndikukhulupirira kuti chimene chimanyeketsa anthu amenewa ndi kusankha kumeneku, kuposa kuchuluka kwa maola.

Pali liwu lina limene limafika pafupi ndi zimenezi. Jonathan Shay, dokotala wa maganizo amene ankathandiza asilikali a ku America obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, analemba buku la Achilles in Vietnam mu 1994. Anaona kuti chimene chinaphwanya ambiri mwa asilikaliwo sichinali mantha okha. Chinali kuchitidwa chinyengo ndi akuluakulu amene ankawakhulupirira, pa nkhani ya moyo ndi imfa, mpaka kudzipeza akuchita zimene mtima wawo unkadziwa kuti n'zolakwika. Pambuyo pake anazitcha moral injury. Ine ndingati bala la chikumbumtima. Mu 2018 Wendy Dean, nayenso dokotala wa maganizo, ndi Simon Talbot, wa opaleshoni, analemba kuti madokotala ambiri amene amatchedwa otopa ali ndi bala limeneli: akudziwa chimene wodwala akufunika, koma dongosolo la ntchito silikuwalola kuchipereka. Iwo ankanena za America, kumene chotchinga ndi makampani a inshulansi ndi mapepala. Kuno chotchinga ndi shelefu yopanda mankhwala ndi benchi yosatha, koma bala ndi lomwelo.

Mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza burnout m'buku lake la mayina a matenda, la ICD-11, ndipo linanenetsa kuti si matenda, ndi vuto lochokera kuntchito: zotsatira za kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunathetsedwe bwino. Monga womasulira, chiganizo chimenechi chimandiyabwa. Sichitchula woyenera kuthetsayo. Ukachinena m'Chichewa pabwalo, wina adzakufunsa msanga kuti, sikunathetsedwe ndi yani? Popeza funsolo silifunsidwa, yankho limagwera wotopayo. Amamuitanira ku msonkhano wa tsiku limodzi kuhotela, kumuphunzitsa kupuma mozama ndi kuthamanga m'mawa, n'kumubweza kubenchi yomwe ija. Kupuma mozama sikulakwa. Koma sikusandutsa mphindi 4 kukhala 40.

Madokotala achinyamata a m'zipatala za boma za Zimbabwe anapeza liwu lolondola kuposa la akatswiri. Pamene anasiya kupita kuntchito mu September 2019, anakana kuti kunali kunyanyala. Ankati ali incapacitated, kutanthauza kuti alandidwa mphamvu yogwirira ntchito: malipiro adyedwa ndi kukwera mitengo mpaka sakukwanira kombi, ndipo akafika kuchipatala mulibe zogwiritsa ntchito. Boma linachotsa ntchito oposa 400. Nkhaniyo inatha mu January 2020 pamene bungwe la Higherlife Foundation la Strive Masiyiwa linalonjeza kuwapatsa ndalama yapamwezi kwa miyezi 6. Liwu lawolo limaloza chala kunja, kwa amene analanda mphamvuyo, pomwe burnout limaloza m'kati mwa chikuni, ngati kuti chinadziyatsa chokha.

Chibanda mwiniwake amasimba za mtsikana wina amene ankamuthandiza, wokhala kutali ndi Harare, amene anadzipha mu 2005. Atafunsa mayi ake chifukwa chake sanabwere naye kuchipatala monga anapangana, anamuyankha kuti analibe madola 15 a basi. Palibe chimene dokotala anaphunzira ku yunivesite chimene chikanachiza madola 15.

Tsopano za kuchoka. Kumapeto kwa 2022 bungwe la boma loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo linanena kuti anthu oposa 4,000 anali atasiya ntchito m'zipatala za boma kuyambira 2021. Boma linayankha ndi ndodo. Mu January 2023 linakhazikitsa lamulo loletsa ogwira ntchito zaumoyo kunyanyala kupitirira maola 72, ndipo wolakwira akhoza kukhala kundende mpaka miyezi 6. Mu March chaka chomwecho WHO inaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, amene mayiko olemera sayenera kukakopako anthu; Malawi analipo kale. Constantino Chiwenga, wachiwiri kwa pulezidenti yemwe panthawiyo analinso nduna ya zaumoyo, ananena kuti akufuna lamulo lopanga kukopa kotereku kukhala mlandu.

Mlandu wotsutsa wochoka ndi wamphamvu, ndipo sindiupeputsa. Dokotala wa maganizo amatenga zaka zoposa 10 kuti aumbidwe, ndipo mbali ina ya ndalama zomuumbira ndi msonkho wa amayi ogulitsa tomato ku Makokoba. Kumene kuli madokotala 18, mmodzi akachoka wachoka ndi chigawo chonse. Wodwala wa ku Ingutsheni alibe pasipoti, sanganyanyale, ndipo mawu ake ngakhale kukhoti sawerengedwa mokwanira. Benchi ya wochokayo sitha. Imangolumikizidwa ku benchi ya mnzake wotsala, amene tsopano anyeka msanga. Ndipo kunena zoona, dokotala wotopa amene wasiya kumvetsera akhozabe kulemba jekeseni wa pamwezi amene amachititsa kuti munthu asamve mawu a anthu osaoneka. Kwa wodwala ndi abale ake, dokotala wa phulusa aposa mpando wopanda munthu.

Koma pali Frantz Fanon. Iye anafika pa chipatala cha amisala cha Blida-Joinville ku Algeria mu 1953, mnyamata wa ku Martinique wophunzira ku France, wosadziwa Chiarabu, wodalira omasulira ngati ine. Mu 1956, nkhondo ya ufulu ili m'kati, analemba kalata yosiya ntchito kwa nduna ya France yolamulira Algeria. Mfundo yake inali yakuti ntchito ya dokotala wa maganizo ndi kubwezera munthu m'dziko lake kuti asakhalemo ngati mlendo, ndipo kumene dongosolo lonse lakonzedwa kuti munthuyo akhale mlendo kwawo, kupitiriza ntchitoyo ndi kudzinamiza. Fanon sanapite kokapuma. Anapita ku Tunis, nalowa gulu la omenyera ufulu, ndipo anapitirizabe kuona odwala. Choncho sindingamugwiritse ntchito ngati chikalata chokhululukira aliyense wokwera ndege. Chimene ndimatengako n'chakuti pali malire amene dokotala akawadutsa akadali pampando, wasanduka woyang'anira ndende. Ingutsheni wa 1908 ankasandutsa anthu zinthu chifukwa cha chipongwe cha atsamunda. Kutopa kumafika pakhomo lomwelo popanda chipongwe chilichonse, kudzera mwa anthu abwino, a khungu lathu lomweli, amene analowa ntchitoyo chifukwa cha chifundo. Munthu amene wamva kusinthaku kukuyamba mwa iye, amene wadzipeza akulakalaka kuti wodwala asiye kulira kuti mzere uyende, akanena kuti sindifuna kukhala chimenechi, ine sindingamutche wothawa nkhondo.

Ngongole ilipo, koma ngongole imakhala ndi mapeto, ndipo ili mbali ziwiri. Amene anakuphunzitsa ndi msonkho akuyenera kukupatsanso zogwirira ntchito. Komanso ife adzukulu a matchona pakamwa pathu m'pochepa pa nkhani imeneyi. Agogo anga atachoka ku Dedza, mudzi unatsala ndi khasu limodzi lochepa, ndipo panali mayi amene anakalamba akuyang'ana kunjira. Anachoka chifukwa msonkho wa nyumba unkafuna ndalama imene munda sunkabala. Sindinamvepo wina m'banja mwathu akuwatcha wosakhulupirika.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi mmene timayamikirira otsala. Timati ntchito yawo ndi maitanidwe. Timawaombera m'manja pa tsiku la 10 October, lokumbukira thanzi la maganizo, n'kuwatcha ngwazi. Akadandaula timawakumbutsa kuti walira mvula walira matope, munaisankha nokha. Ndipo kafukufuku akaonetsa kuti amakhutirabe ndi ntchito yawo, akuluakulu amapumira m'mwamba: ndiye kuti zinthu sizinaipe kwenikweni. Apa pali kuba kochenjera. Kuwala kuja ndinakuona pankhope ya dokotala sikunachokere ku unduna. Anamupatsa ndi agogo a ku Sizinda, pamene anayankha funso la sitima. Ndi mphatso yochokera kwa wodwala kupita kwa womuthandiza, ndipo wolemba ntchito alibe gawo pamenepo loti achotsere pa malipiro kapena pa chiwerengero cha anthu oyenera kulembedwa. Kuwonjezera apo, chikondi chimenechi ndicho chingwe chomangira. Wosasamala amaweruka nthawi ikakwana, ndipo sanyeka. Wokonda ntchito ndiye amatsala mpaka mdima, ndipo dongosolo limaphunzira msanga kuti pa iyeyo likhoza kusanjikapo katundu wina.

Nanga iwowo amawamvetsera ndani? Ku London m'zaka za m'ma 1950 Michael Balint anayambitsa timagulu ta madokotala tokumana kukambirana za odwala amene akuwalemera mumtima, ndipo m'mayiko ambiri dokotala wa maganizo amakhala ndi mnzake wamkulu womutulira nkhawa. Mumzinda wa madokotala owerengeka pa zala za dzanja limodzi, mnzakoyo ndi bwana wako kapena wophunzira wako. Sungakhale pabenchi yako yomwe. Ndipo anthu amene amaseka odwala amasekanso owathandiza. Ndinamvapo kangapo m'kombi kuti ogwira ntchito kumeneko nawonso mitu yawo imatha n'kupendekeka.

Chibanda anapeza njira ina, yosachoka komanso yosanyeka yekha. Mu 2006 ku Mbare anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pabenchi panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Achishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira. Ntchitoyo, ya Friendship Bench, inayesedwa pa anthu 573, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016: amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Lero mabenchi otere afika ku Malawi ndi kumayiko ena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iye anapeza mitu ina pamene ena sankayang'anapo. Koma benchi ya agogo ndi ya nkhawa ndi chisoni. Mnyamata amene wakhala masiku 5 osagona chifukwa cha mutoriro, akuthamangitsa mayi ake ndi chikwanje, sapita kwa agogo. Amapita ku Ingutsheni. Ndipo agogowo nawo ndi anthu. Tikawasenzetsa chisoni cha mudzi wonse pa kandalama kochepa chifukwa choti ali ndi mtima wabwino, tangosamutsira funso lomwe lija pa mutu wa imvi.

Gawo lina la katunduyu si la boma. Nyuzipepala ya Chronicle ya mumzinda muno yakhala ikulemba za odwala a ku Ingutsheni amene anapeza bwino kalekale, madokotala anawalola kupita kwawo, koma palibe wabwera kudzawatenga. Ena akhalamo zaka zambirimbiri. Abale anawasiya pageti ndi adiresi yolakwika, kapena anasamuka, kapena ali ku Johannesburg, kapena akuopa zimene anachita tsiku lija asanamangidwe. Ndikuwamvetsa abalewo, ndinaona mmene banja la agogo aja linalili litatheratu, ndipo iwo analibe malipiro ngakhale ochepa. Koma munthu wotsala chotero amagona pabedi limene wodwala watsopano akulifuna, ndipo ndi umboni wa tsiku ndi tsiku kwa dokotala kuti ngakhale ntchito yake itatheka bwinobwino, munthu n'kuchira, palibe kumene ikupita. Amamupeza m'wodi sabata iliyonse atavala bwino, akufunsa ngati kwawo ayankha. Dokotala amatsegula fayilo, n'kulemba pansi pa mzere wa sabata yatha kuti ali bwino, akudikira abale.